Mutu wa Che Amini, Miyendo Yanga

Ana anga, makina osokera ali m'chipinda chakumbuyo aja mumawatchula kuti makina a bambo, ndipo ndimakumvani mukung'ung'udza Asiyatu akabwera Lamulungu n'kukhalapo ngati ndi ake. Ndakhala ndikungokuyang'anani. Tsopano maso achita chifunga, ulusi sindithanso kuulowetsa pasingano, ndiye ndati ndilembe mutu usanayambe kutaya zinthu, chifukwa ndikudziwa kuti ine ndikadzangotsikira kumanda wina mwa inu adzabwera ndi sipanala m'thumba. Za ubwana wanga kwa Chikweo sindilemba. Ndinkaweta mbuzi ndi kuba chinangwa ngati mwana wina aliyense. Ndiyambira pa ntchito.

Balaka, 1938 mpaka nkhondo itatha

Ntchito yanga yoyamba inali ya utelala pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Balaka, moyang'anana ndi njanji. Mwini sitoloyo tinkangomuti Bwana Mawa, chifukwa chilichonse ukamupempha, kaya singano, kaya tchuthi, kaya malipiro ako omwe, yankho linali lomwelo. Munthu ankagula nsalu m'sitolo n'kutuluka nayo pakhonde, ife n'kumuyesa n'kusoka. Makina anali a bwana, ulusi wa bwana, mthunzi wa bwana, ndipo ndalama yosokera inkalowa m'kabati ya bwana. Koma chinthu chimodzi ndimuyamikire: msonkho. Nyengo yake ikakwana ankadula yekha pamalipiro athu n'kukakhoma ku Boma, kenako n'kutiponyera chiphaso patebulo. Zaka zonsezo amesenjala sindinkawaopa. Ndinkawaona akudutsa ndi anthu omangidwa chingwe m'chiuno chifukwa cha msonkho, ine ndikupalasa makina, n'kumati anthu osasamala awa. Ndinali wamng'ono ndipo pakamwa pankathamanga kuposa nzeru.

Nkhondo itayamba zinthu zinasowa. Nsalu ya biriwita inasowa, kaki anapita yense kwa asilikali, ulusi tinkachita kumasula m'matumba a mchere n'kuupota pantchafu. Singano ikabuntha tinkainola pamwala, ikathyoka Bwana Mawa ankagwira kumutu ngati walandira uthenga wa maliro. Makina amodzi anafa mutu, chitsulo cham'kati chitathyoka, ndipo chosinthira sichinapezeke kulikonse. Dziwani kuti makina opalasa ali ndi zigawo ziwiri: mutu, umene umasoka, ndi miyendo, ndiye tebulo lija ndi chitsulo chopondapo ndi gudumu lake. Mutu wakufawo anautaya, miyendo inakhala kuseri kwa sitolo, nkhuku zikuikira pansi pake.

Pamenepo n'kuti nditakwatira amayi anu kwa Mposa. Iwo tauni sanaikonde, ndipo ine ndinali nditatopa kusokera kabati ya munthu wina. Nditapita kukatsanzika, bwana sanatukule n'komwe mutu.

"Mawa," anatero.

"Iyayi bwana, lero."

Anatukula mutu n'kuseka. "Chabwino. Tenga chitsulo chili kuseri chija, uzikakhalira kumudzi kwanu. Ukatopa ndi ufulu wakowo ubwere, khonde silisamuka. Koma kumbuka, msonkho uzikakhoma wekha."

Miyendoyo ndinainyamula pamutu mpaka kokwerera galimoto, anthu akundiseka msewu wonse.

Kwa Kawinga, 1946

Panali njira zitatu. Yoyamba, kudikira mpaka nditapeza makina angaanga, koma pamalipiro a pakhonde imvi zikanayamba kufika. Yachiwiri inali ya atsibweni anga a kwa Chikweo, amene anati agulitsa thonje lawo andithandize, bola ntchitoyo ikhale ya banja. Ndinawathokoza ndi manja awiri, koma mumtima ndinaona kale mzere wa azakhali, asuweni ndi adzukulu, aliyense ndi nsalu yake m'khwapa, aliyense akuchoka ndi "zikomo mwana wathu." Wachibale kumuuza mtengo n'kovuta. Ukangomuuza, nkhani imakafika kumudzi iwe usanatseke chitseko.

Yachitatu ndinaipeza pansi pa mtengo wa mango, pamsika wa thonje kwa Kawinga. Munthu wina wamtali, wovala mkanjo ndi chisoti cha Chisilamu, anali ataika mutu wa makina pabokosi, akuzungulitsa gudumu ndi chala, kusoka kabudula pang'onopang'ono ngati akuwerenga. Mutuwo unali wakuda, wonyezimira, wabwino kwambiri.

"Moni achimwene," ndinatero. "Miyendo ya makinawa ili kuti?"

"Inatsala kunkhondo," anayankha osandiyang'ana. "Mukufunsa ngati muli nayo bwanji?"

"Ndili nayo. Kwa apongozi anga nkhuku zikuikira pansi pake."

Anasiya gudumu lija. "Kaya Mulungu wakutumani, kaya mwabwera kudzandiseka. Khalani pansi timve."

Ameneyo ndiye Che Amini, bambo ake a Asiyatu. Kunkhondo ankasoka zovala za asilikali, ndipo pobwerera anagula mutuwo ndi ndalama yake yotsanzikira. Kudula jekete ankakudziwa kuposa ine, koma ine ndinkamuposa liwiro ndi kucheza ndi anthu, chifukwa iye akati alankhule mawu asanu ndiye kuti tsikulo wasangalala.

Tinapangana pamaso pa mboni ziwiri, atsibweni ake Che Bwanali ndi mlamu wanga Fabiano, mchimwene wa amayi anu. Mutu ndi wa Che Amini, miyendo ndi yanga. Zolowa, tikachotsa za ulusi ndi mafuta, tigawane pakati. Wofuna kuchoka amasule chake azipita. Kenako Che Amini anawonjezera mfundo imene inatipulumutsa: achibale anga mtengo aziuzidwa ndi iye, achibale ake aziuzidwa ndi ine. Azakhali anga akabwera ndi nsalu ndinkawalandira ndi chimwemwe chonse, n'kunena mwachisoni kuti, "Pepani, mwini mutu ndi awa." Che Amini n'kutchula mtengo nkhope ili gwa. Asuweni ake akabwera, iye ankangoloza ine ndi chibwano.

Lachisanu iye ankapita kumzikiti, ine ndikusoka. Lamulungu ine ndinkapita kutchalitchi, iye akusoka. Makina athu sankadziwa tsiku lopuma, ndipo matelala anzathu zinkawapweteka. Aphunzitsi a kutchalitchi anandiitanira pambali tsiku lina.

"A Paulo, tikumva kuti miyendo yanu ikugwira ntchito Lamulungu."

"Aphunzitsi, miyendo imene inabatizidwa ndi iyi ndabwera nayoyi. Yachitsulo ija ndi yachikunja."

Anafuna kukalipa koma chiseko chinawatsogolera, ndipo chaka chomwecho anasoketsa jekete kwa ife.

Titamanga kashopu pafupi ndi mtengo wa mango uja n'kuyamba kugulitsako ulusi, mabatani ndi nsalu pang'ono, panafunika laisensi. Tinapita tonse kukhoti la mfumu. Kalaliki anati pepalalo lili ndi malo a dzina limodzi basi, za mutu ndi miyendo Boma silizidziwa. Che Amini anati, "Lembani la Che Paulo. Langa linalembedwa mokwanira kunkhondo." Analemba langa.

Mbuzi ziwiri, 1947

Mawu a Bwana Mawa anatipeza chaka choyamba chomwe. Ndalama ya telala imabwera ngati mvula ya mabingu: nthawi ya thonje, ya Khirisimasi ndi ya Idi imakhuthuka, kenako kuli gwaa. Ife ikabwera tinkagula ulusi, nsapato, ndiwo zabwino. Amesenjala atayamba kuzungulira m'midzi tinapezeka manja ali m'khosi, ndipo tinapulumuka chifukwa choti ine ndinagulitsa njinga yanga. Ndinayenda wapansi chaka chonse, ndipo amayi anu sanandimvere chisoni ngakhale pang'ono.

"Ndalama ikakhala m'thumba mwa mwamuna imayenda yokha," anatero. "Gulani chinthu choti ndizichimanga ndi chingwe."

Kuyambira pamenepo, msika wa thonje ukangotha, aliyense ankagula kamwana ka mbuzi. Yanga ankasunga amayi anu, ya Che Amini ankasunga akazi ake. Mbuzi imeneyo sinkaphedwa kaya kwabwera mlendo wotani, kaya ndi Khirisimasi. Nyengo ya msonkho ikafika tinkaigulitsa, aliyense n'kukhoma wake, zotsala n'kuphatikiza za laisensi. Ana a m'mudzi anaipatsa dzina loti Boma, ndipo madzulo unkamva mayi wina akukuwa kuti, "A Paulo, Boma wanu wadyanso chinangwa changa!" Zaka ziwiri zotsatira ndinkawapatsa moni amesenjala mokweza, chiphaso chili m'thumba la malaya.

Njala, 1949

Za chaka chimenechi sindikonda kulankhula. Mvula inadula chimanga chisanamasule. Anthu anasiya kusoketsa, anayamba kugulitsa zovala zomwe tinawasokera. Makina tinawafunditsa chiguduli. Tinadya gaga, tinadya mizu, tinadya zinthu zimene sindikufuna kuti muzidziwe maina ake.

Che Amini zinamuthina kuposa ine. Mlamu wake anachoka kuti akukafuna chakudya ndipo sanabwerenso, mlongo wake n'kubwera ndi ana ake onse. Kwathu kuno ana a mlongo wako ndi ako, sungawabweze pakhomo. Mbuzi yake ya msonkho anaisinthanitsa ndi dengu la makaka, chinangwa chouma chija, ndipo palibe munthu wamutu wabwino akanamudzudzula. Iye ankadya pomaliza, nthawi zina osadya n'komwe. Miyendo yake inatupa, ndipo anayamba chifuwa chimene sichinamusiye msanga.

Mbuzi yanga inapulumuka chifukwa cha kuuma mtima kwa amayi anu. Anaitengera kwa amayi awo kwa Mposa, kufupi ndi dambo kumene kunali kaudzu. Ine ndemwe ndinawachonderera kuti tiiphe. Anandiyankha kuti, "Njala idzatha, koma Boma silidzaiwala." Ndinawakwiyira masiku ambiri. Lero ndikulemba kuti anali ndi nzeru kuposa ine.

Chingwe, 1950

Mvula inabwerera, chimanga chinacha, ndipo amesenjala nawo anabwerera. Mbuzi yanga inali itabwerako kwa Mposa itanenepa, ndikungodikira tsiku la msika kuti ndiigulitse. Anthu anali asanayambe kusoketsa, choncho tonse awiri m'thumba munalibe kanthu. M'mawa wina Che Amini akupita kukagula mafuta a makina, anakumana nawo panjira. Chiphaso analibe. Anamumanga chingwe m'chiuno n'kupita naye kukhoti, ndipo chigamulo chinali chodziwika: akhome, apo ayi akagwire ntchito ya msewu wa ku Liwonde mpaka Boma litakhuta.

Masana omwewo Che Bwanali anafika pashopu ndi thumba lachiguduli.

"Che Paulo, ndabwera kudzatenga mutu wa mwana wa mlongo wanga. Mmwenye wanu wa ku Balaka agula. Ndikamuwombole munthu asanafere pamsewu."

Sanalakwe. Pangano linkatero, ndipo iwo anali mboni. Koma mutu ukapita ku Balaka sukanabweranso, Che Amini akanatuluka wopanda ntchito ndi nyumba yodzaza ana, ndipo ine ndikanabwerera pakhonde kukamva "mawa" mpaka ukalamba. Ndinawapempha kuti adikire kufikira dzuwa litapendeka, ndipo ndinathamangira kunyumba.

Kunyumba ndinapeza mlamu wanga Fabiano, nkhani itamupeza kale. Fabiano sanali munthu woipa, koma ankaona phindu msanga.

"Alamu, mwayi ngati uwu subwera kawiri. Apatseni mbuzi ija akakhomere munthu wawo, koma mutu ukhale wanu. Laisensi ili kale m'dzina lanu. Mukhala mwini makina athunthu pamtengo wa mbuzi."

Sindikunamizani, mawuwo anandikoma. Kuyambira tsiku limene ndinagwira singano ndinkalota makina angaanga, ndipo apa anali pakhomo. Amayi anu, amene n'kuti ali ndi pathupi pa iwe Rozina, anali akupeta chimanga chapafupi. Anaika lichero pansi.

"Achimwene, mukuti agule katundu wa munthu ali pachingwe?"

"Ndi malonda, mlongo."

"Nanga akakhala okha, mtengo azikuuzani ndani inuyo? Paja muli ndi malaya awiri mukufuna kusoketsa."

Kenako amayi anu anatembenukira kwa ine, ndipo mawu awo anatsika.

"Bambo, mbuzi ndi imodzi, misonkho ndi iwiri. Mukapereka, pamsewu mupita ndinu. Ndikudziwa. Koma inu muli ndi mphamvu, mukabwerako. Che Amini ndi chifuwa chija sakabwerako."

Anapita okha kukhola. Mbuzi imene anaiteteza chaka chonse cha njala, imene anakana kuipha ine ndikuchonderera, anaimasula ndi manja awo n'kundipatsa chingwe, misozi ikutsika. Sanandiperekeze.

Mbuzi zinali zitasowa m'dziko, choncho wogula sanavute. Ndinafika kukhoti dzuwa likadalipo, Che Bwanali ali pambuyo panga ndi thumba lawo. Ndinauza kalaliki kuti alembe chiphaso m'dzina la Amini. Analemba, n'kufunsa kuti, "Nanga chanu, a telala?"

"Changa ndilibe."

Anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana ngati ndapenga. "Mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ndikudziwa."

Che Amini atamasulidwa n'kumva zimene zachitika, analankhula mawu ambiri kuposa amene ndinawamvapo kwa iye chaka chathunthu. "Iyayi, Che Paulo, iyayi! Akazi anu ali ndi pakati. Bwezani ndalamayo, ine ndinapirira nkhondo, msewu ndi chiyani?" Akulankhula choncho chifuwa chinamugwira mpaka anagwada.

"Mwaona?" ndinatero. "Pitani mukasoke. Thonje likubwera, anthu ali maliseche. Miyendo ndakusiyirani."

Chingwe chomwe chinali m'chiuno mwake anamangira ine.

Ntchito ya msewu sinali yakupha, koma manyazi ake anali owawa. Manja anga ozolowera nsalu anatuluka matuza tsiku loyamba. Anthu amene ndinawasokera ankadutsa panjinga atavala malaya a manja anga, ena n'kuyang'ana kumbali, ena n'kuima kuti aonetsetse. Ndinakumbuka anthu aja ndinkawanena pakhonde ku Balaka, ndipo ndinadziwa kuti aliyense wa iwo anali ndi nkhani yake. Koma chimene chinkandidya kwambiri chinali china. Ndinalibe pangano latsopano lililonse. Che Bwanali anali ndi mbumba yanjala yoti aidyetse, ndipo mutu uja ukanagulabe matumba a chimanga. Ndinkaphwanya miyala ndikuona m'maganizo miyendo yanga ili yokha, nkhuku zitabwerera pansi pake.

Atatimasula ndinayenda wapansi kubwerera kwa Kawinga. Sindinapite kunyumba poyamba, amayi anu anandikhululukira pambuyo pake. Ndisanafike pamtengo wa mango uja ndinamva phokoso limene ndimalidziwa kuposa mawu a ana anga. Makina ankalira. Linali Lachisanu, dzuwa lili pamutu, nthawi imene Che Amini sankapezeka pashopu. Ndinaima pakhomo. Anali atangobwera kuchokera kumzikiti, chisoti chili kumutu, akupalasa, ndipo pakhoma panali madiresi ndi akabudula odikira eni ake.

"Mwaonda," anatero.

"Inu mwanenepa."

"Akazi anu amatumiza phala. Bwerani muone."

Ananditengera kumbuyo kwa makina. Pali mabawuti awiri amene amagwira mutu kutebulo, oti ukamasula mutu umachoka. Nsonga zake zinali zitaphwanyidwa ndi nyundo mpaka kuphwatalala, zitamira m'chitsulo. Mutu unkapendekeka bwinobwino pothira mafuta, koma kuchoka ayi.

"Ndinaitana wosula makasu tsiku lomwe munapita," anatero. "Atsibweni anabweranso ndi thumba lawo. Ndinawauza kuti amasule. Anayesa mpaka thukuta."

"Nanga pangano lathu? Wofuna kuchoka?"

"Za mutu ndi miyendo zatha, Che Paulo. Apa pali makina."

Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana, ndipo sindichita nazo manyazi. Iye anangobwerera pampando n'kupitiriza msoko wake. Kuseri kwa shopu kunkalira timbuzi tiwiri, tomangidwa pachikhomo chimodzi.

Tinasoka limodzi mpaka tsitsi lathu linayera. Tinagula makina ena, tinamanga shopu ya njerwa, nonsenu munaphunzira sukulu ndi ndalama ya singano. Msonkho sitinaphonyenso chaka ndi chimodzi chomwe, ndipo mpaka lero ndimauza aliyense woyamba ntchito yakeyake kuti gawo la Boma alipatule tsiku lomwe ndalama yalowa, alimange ndi chingwe. Titasiya ntchito, makina atsopano tinagulitsa n'kugawana. Akale aja sitikanatha kugawana, ndiye Che Amini anati akhale kwa ine chifukwa nyumba yanga sidontha. Iye anatsogola, ndipo ndinayenda kumbuyo kwa maliro ake pamodzi ndi Asilamu anzake, palibe anandifunsa kuti ndikufuna chiyani.

Choncho Asiyatu akabwera Lamulungu, mumupatse mpando ndi madzi akumwa. Limenelo ndi tsiku la bambo ake, ndipo akukhala pa chake. Ine ndikadzapita, makinawo adzakhale a nyumba ziwiri monga akhalira, mudzagwirizane masiku. Amene adzabwere ndi sipanala uja musadzamuletse, mudzangomulozera kumbuyo kwa mutu. Che Bwanali anali ndi mphamvu kuposa nonsenu, ndipo anabwerera ndi thumba lopanda kanthu.